Mwana wokulira mumzinda wa papepala, akadzagwira pensulo amajambula zotani?

Mbewe:
Akuluakulu nonse, ndabwera ndi nkhani yofuna anthu odziwa ntchito. Pali mizinda imene inayamba kukhala papepala anthu asanakumbe maziko: Chandigarh ku India, Brasília ku Brazil, Milton Keynes ku England, ndi ina yotere. Mwana wobadwira kumeneko amakula msewu uliwonse uli ndi malo ake, sukulu ili pakati, masitolo ali pamzere umodzi. Nanga akadzakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba, ubwana wotere umamusiyira chiyani m'manja? Zoti "amakonda dongosolo" musandiuze, zimenezo ngakhale wodutsa m'njira anganene. Tinene chimene thupi lake linazolowera, ndi chimene chimamuvuta akakhala patebulo.

NaPhiri:
Tiyambire kumapazi, bambo Mbewe, chifukwa mwana amadziwa mtunda ndi miyendo asanamve mawu oti mita.

Mizinda yambiri yotereyi inatengera nzeru ya mu 1929 ya Clarence Perry, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku America. Iye anati dera lokhalamo anthu likhale la mahekitala pafupifupi 65, sukulu ya pulayimale ikhale pakatikati, ndipo kuchokera pasukulupo kufika kumalire pakhale mamita ngati 400. Misewu ikuluikulu izungulire kunja, isadutse mkati. Masitolo akhale m'mbali cha kumphambano, ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 lisiyidwe la mabwalo ndi posewerera. Ndiye werengani nokha: mwana akuyenda kanjira komweko kupita ndi kubwera, masiku ngati 200 pachaka, kwa zaka 7. Amenewo ndi maulendo 2,800. Mamita 400 aja amalowa m'mafupa. Akadzaona pulani ya sikelo ya 1:1000, pomwe mamita 400 ndi masentimita 40 pa rula, safunika kuuzidwa kuti apa mpafupi, apa mpatali. Anzake amaika siteji ya basi mamita 900 kuchokera kunyumba yomaliza osaonapo vuto, iye miyendo imayamba kumulemera.

Koma dziko lake linkathera pamsewu waukulu. Pojambula, mzere wa malire a puloti amaukanikiza ndi pensulo ngati khoma, nyumba zonse amazitembenuzira mkati, msewu nkuufulatira. Za kutsidya kwa msewu sazijambula nkomwe, pepala limangotsala loyera ngati kulibe anthu.

Gondwe:
Mayi NaPhiri alasa. Zimenezi zimaoneka bwino ku Chandigarh. Pulani yoyamba anajambula ndi Albert Mayer ndi Matthew Nowicki, koma Nowicki atamwalira pangozi ya ndege mu 1950 ntchito inapita kwa katswiri wotchuka wojambula nyumba, Le Corbusier, yemwe anagwira limodzi ndi Pierre Jeanneret, Maxwell Fry ndi Jane Drew. Mzinda anaugawa m'zigawo zotchedwa sector, chilichonse mamita 800 m'lifupi ndi 1,200 m'litali. Misewu anaiika m'magulu 7. V1 ndi wolumikiza mzindawu ndi mizinda ina, V2 ndi misewu ikuluikulu ya mumzinda, V3 ndi wa magalimoto othamanga wozungulira sector iliyonse, ndipo lamulo lake linali lakuti pasakhale khomo la nyumba lotsegukira mu V3. V4 ndi msewu wa masitolo wodutsa pakati pa sector mokhotakhota pang'ono, V5 umazungulira mkati, V6 umakufikitsa pakhomo, pomwe V7 ndi kanjira ka oyenda pansi ndi njinga, kodutsa m'kapinga momwe muli masukulu ndi mabwalo a masewera.

Mwana wa kumeneko amadziwa msinkhu wa msewu ngati mmene amadziwira wamkulu ndi wamng'ono pabanja. Mu V6 amamenya mpira, mu V5 amapalasa njinga, ku V4 amatumidwa, V3 sawoloka yekha. Pantchito yathu chimenechi ndi chuma. Mumupatse chipatala kuti ajambule, mudzaona akulekanitsa msanga kolido ya odwala, ya ogwira ntchito ndi yotulutsira zinyalala, anzake akadali mkati mopiringiza. Pomwe amagwera mpakuti chilichonse amafuna chikhale ndi ntchito imodzi. Kwa iye kolido ndi yodutsa basi. Zoti achibale odikira wodwala adzakhala momwemo, ndiye ifunika kuwonjezera masentimita 60 a benchi ndi zenera loyang'ana kunja, sizimubwerera m'mutu.

Mwale:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pano. Kodi kulekanitsa ntchito chonchi si ndiko kumene amaphunzitsa kusukulu? Cholakwika nchiyani?

Kamwendo:
Achimwene Mwale, kulekanitsa sikulakwa, kulakwa nkulekanitsa zonse. Christopher Alexander, katswiri wa mapulani a nyumba ndi mizinda, analemba mu 1965 kuti mizinda yojambulidwa imakhala ngati mtengo: tsamba lili panthambi imodzi, nthambi ili pathunthu limodzi, palibe tsamba lokhala panthambi ziwiri. Chonsecho mzinda umakoma pamene zinthu zalowana. Taganizani siteji ya basi yoyandikana ndi kasitolo, pali mtengo wa mthunzi ndi kakhoma kotalika masentimita 45. Wodikira basi amagula kanthu, wogulitsa amaponya diso pa ana otsika basi, agogo amakhala pakakhoma paja chifukwa pali zoona. Musunthe chimodzi mamita 100, zonse zinayi zafa, ngakhale papulani zikuonekabe kuti zilipo. Wokulira mumtengo uja sadziwa kuti wapha kanthu, poti sanakaonepo kali moyo.

Anachisale:
Koma mukumupanikiza kwambiri mwanayu. Tiyeni ku Brasília tione zabwino zake. Lúcio Costa anapambana mpikisano wa pulani mu 1957, mzinda nkutsegulidwa pa 21 April 1960. Anthu amakhala m'madera a mafulati otchedwa superquadra, lililonse mamita ngati 280 mbali zonse zinayi, lozunguliridwa ndi lamba wa mitengo wa mamita 20, ndipo magalimoto amalowera khomo limodzi. Mafulati ambiri ndi a nsanjika 6, oimikidwa pamizati, pansi pake pali pululu, ndipo aliyense ali ndi ufulu wodutsa pansi pa nyumba ya eni. Za nsanjika 6 zija zimanenedwa kuti cholinga chinali chakuti mayi ali pazenera athe kuitana mwana wosewera pansi. Si nkhambakamwa ayi. Jan Gehl, katswiri wa za mizinda wa ku Denmark, amati nkhope ya munthu, kuti wakondwa kapena wakwiya, imaoneka mpaka mamita ngati 25, ndipo ukapitirira nsanjika yachisanu zochitika pansi zimayamba kukutalikira. Fulati ya nsanjika 6 pamizati ndi mamita ngati 20. Ili kumapeto kwenikweni kwa pomwe mawu ndi maso zimafika.

Ubwana wa kumeneko umachitikira pansi pa fulati. Mvula ikagwa ana ali pouma, dzuwa likamaswa mtengo ali pamthunzi, ndipo maso amaona mpaka kutsidya kudzera pakati pa mizati. Wokulira pamenepo amadziwa chinthu chimene ena amalimbana nacho zaka: nthaka ndi ya onse, nyumba ndi mlendo pamwamba pake. Sayamba pulani ndi mpanda. Amaganizanso ndi section, chojambula chija chodula nyumba pakati, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankagona chagada nkumaona kunsi kwa silabu ya konkire, pomwe mzati wakumana ndi denga, pomwe mapaipi akutsikira.

Tembo:
Achemwali, zonsezo nzoona, koma vuto limabwera akazitenga ngati mankhwala a nthenda iliyonse. Pansi pa mizati pamakhala bwino ngati pali pamlingo umodzi ndi kapinga wa kunja, ngati kuwala kukufika pakati, komanso ngati pali anthu odutsa. Za kuwalazo tiwerenge. Kuwala kwa masana kumalowa mtunda wofanana ndi kutalika kwa denga kuchulukitsa kawiri kapena kawiri ndi theka. Denga la mamita 2.6 likupatsani mamita ngati 6 mbali iliyonse, ndiye fulati yonenepa mamita 12 kapena 13 ili bwino. Ikafika mamita 20, pakati ndi mdima masanasana. Mdima ukabwera kumatsatira fungo la mkodzo, kenako zinyalala, kenako mlonda, mapeto ake mpanda womwe mumaukana uja. Onjezani mphepo: nyumba yaitali imakankhira mphepo pansi, ndipo mpata wa pamizati umaipanikiza ngati fanelo.

Ku Bijlmermeer, Amsterdam, anamanga mafulati akuluakulu 31 pakati pa kapinga ndi madzi, oyamba kulowamo mu 1968. Magalimoto anawakweza m'misewu ya m'mwamba kuti pansi pakhale pa ana. Koma m'munsi mwa mafulatiwo munali zipinda zosungira katundu, osati makomo a anthu, ndiye kapinga yense uja analibe maso omuyang'anira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ambiri mwa mafulatiwo anagwetsedwa.

Anachisale:
Ndavomera bambo Tembo. Ndiwonjezerenso ndekha chilema china: Brasília ilibe ngodya. Adilesi yake imamveka ngati SQS 308 Bloco C, zilembo ndi manambala, osati dzina la msewu. Wokulira kumeneko nyumba ya pakona imamusowetsa chochita. Amangojambula kutsogolo kumodzi, mbali inayo khoma lopanda zenera, chonsecho pakona ndi pomwe pamakumana anthu ochokera mbali zinayi. Khomo liyenera kukhala pomwepo, ngodyayo nkuidula mamita awiri kapena atatu kuti oima asatsekereze odutsa.

Kamwendo:
Pali mwana wina amene sitikumutchula. Anthu amene anamanga Brasília, aja ankatchedwa candangos, ambiri sanakhale m'ma superquadra. Anakakhala m'matawuni a kunja kwa mzinda: Taguatinga inakhazikitsidwa mu 1958 mzinda weniweni usanatsegulidwe nkomwe, ndipo Ceilândia mu 1971, pomwe boma linkasamutsa anthu m'misasa imene anadzimangira. Lero anthu ambiri a m'chigawo cha likulu la Brazil limeneli amakhala kunja kwa pulani ya Costa. Ku Chandigarh nako nyumba za boma zinagawidwa m'magulu 13 motsatira udindo ndi malipiro a munthu. Mwana amangoona kukula kwa bwalo nkudziwa kuti bambo a mnzakeyu ndi ndani kuofesi, ndipo akapanda kuchenjera adzakula akuganiza kuti kusanja anthu motere ndi chilengedwe.

Ndiye ana ndi awiri. Wa mkati mwa pulani amakula akuganiza kuti nyumba imabadwa yathunthu tsiku limodzi, makiyi m'manja. Wa kunja waona nyumba ikukula ngati munthu: chipinda chimodzi, kenako khitchini, zitsulo zitasiyidwa zikusuzumira pamwamba pa mizati kudikira nsanjika ina. Wachiwiriyu ndi amene amamvetsa msanga ntchito za nyumba za anthu osauka ngati Aranya ya Balkrishna Doshi ku Indore, India, kapena Quinta Monroy ya Alejandro Aravena ku Iquique, Chile, komwe mabanja 93 anapatsidwa theka la nyumba lokhala ndi zovuta kumanga monga masitepe, bafa ndi khitchini, theka linalo nkumaliza okha. Kuti zotere zitheke, wojambula ayenera kuwerengera maziko ndi mizati kulemera kwa chipinda chimene kulibe, kuika masitepe poti adzatumikire chipinda cha mtsogolocho, ndi kusiya mpata wa kuwala umene mwininyumba sangathe kuutseka. Wa mkati uja akaona nyumba zomalizidwa ndi eni ake, iliyonse penti yakeyake, amangoti aononga pulani.

Mbewe:
Apa mpamene pagona nkhani, a Kamwendo. Ndimafunsa za mwana mmodzi, kumene ndi awiri.

Gondwe:
Ndibwerereko ku Chandigarh pa nkhani ya dzuwa, chifukwa apa mwana wa kumeneko amaposa anzake. Mu May ndi June kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye nyumba zake nzodzaza ndi zotchingira: mapiko a konkire pamazenera a nyumba za boma za Le Corbusier, ndi makoma a njerwa zoyalidwa mosiya mabowo m'nyumba ndi m'masukulu. Mwana amakula akuona timabokosi ta kuwala tikukwawa pansi m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Akadzafika pa masamu a mthunzi amangokhala ngati akukumbutsidwa. Masamu ake ndi awa: zenera lotalika mamita 1.2, dzuwa lili pamwamba pa madigiri 70, chipewa chotuluka masentimita 45 chakwana. Dzuwa likapendeka kufika madigiri 30, chipewa chomwecho chiyenera kutuluka mamita 2, zomwe palibe angamange pazenera lililonse. Nchifukwa chake mbali ya kumadzulo imafuna mapiko oimirira, khoma la mabowo kapena mtengo.

Chilema chake nkukonda konkire mopitirira muyeso. Konkire imamwa kutentha masana nkukulavula usiku, ndipo phiko lothiridwa limodzi ndi silabu limalowetsa kutenthako m'chipinda. Chinanso, mapiko opyapyala amasiya zitsulo pafupi ndi kunja. Konkire yapanja imafuna kuphimba chitsulo mamilimita 35 mpaka 50 malinga ndi nyengo ya malowo. Ikachepa, madzi amalowa, chitsulo chimachita dzimbiri nkufufuma, ngodya nkuyamba kubenthuka. Ndipo mukaiwala kamzere kodonthetsera madzi kunsi kwa phiko, ka mamilimita ngati 10, mvula imatsata kunsiko mpaka kukhoma nkulemba mizere yakuda mumaiona ija.

Tembo:
Tisaiwale mwana wa pampando wakumbuyo wa galimoto. Milton Keynes inakhazikitsidwa mu 1967, misewu yake ikuluikulu yopingasana ngati bolodi la dirafuti, motalikirana ngati kilomita imodzi, ina yolembedwa H ina V, pamphambano pali raundabauti, m'mbali mitengo yobisa nyumba. Oyenda pansi ndi apanjinga ali ndi njira zawo za phula lofiira zotchedwa redways, zodutsa pansi kapena pamwamba pa misewuyo. Papepala mwana angayende ulendo wautali osakumana ndi galimoto.

Koma njira yodutsa pansi pa msewu ili ndi masamu ake owawa. Msewu ukakhala pamlingo wa nthaka, njirayo iyenera kutsika mamita ngati 3. Pa kutsetsereka kwa 1:20, koti wa panjinga ya olumala akwere bwino, amenewo ndi mamita 60 kutsika ndi 60 kukwera. Kuwoloka msewu wa mamita 15 kwasanduka ulendo wa mamita 135. Njirayo ikakhotanso, wolowa saona potulukira, ndipo ngalande ikatsekeka madzi amadikha pakati. Ndi kholo liti lingalole mwana kudutsa mmenemo kukada? Ku Netherlands amakonda kukweza msewu pang'ono kuti njinga itsike pang'ononso, ndipo makoma amawapendeketsa kuti mkati muziwala. Stevenage, tawuni yoyamba mwa matawuni atsopano a ku England mu 1946, ili ndi njira za njinga zabwino zimene anakonza Eric Claxton, koma opalasa ndi ochepa chifukwa galimoto nayo anaipatsa njira yophweka. Ku Houten, tawuni ya ku Netherlands, anachita mosiyana: njinga imadutsa pakati molunjika, galimoto iyenera kutulukira kaye kumsewu wozungulira tawuni.

Ndiponso pulani payokha sipereka ufulu, amapereka ndi makolo. Kafukufuku wa Mayer Hillman ndi anzake anapeza kuti ku England mu 1971 ana 80 mwa 100 a zaka 7 ndi 8 ankapita kusukulu opanda wamkulu, koma mu 1990 anatsala 9 okha. Mwana wonyamulidwa pagalimoto amaphunzira mzinda pa liwiro la makilomita 60 pa ola, mamita 17 pa sekondi iliyonse. Amaona mitumbira ya nyumba, osati zitseko. Akadzajambula, khoma la mamita 100 lokhala ndi khomo limodzi limamuonekera lokongola. Chonsecho woyenda pansi amayenda mamita 1.4 pa sekondi, ndipo Gehl amawerengera kuti msewu wamoyo umakhala ndi makomo 15 mpaka 20 pa mamita 100 omwewo.

NaPhiri:
China chimene tikuchilumpha ndi zaka. Mzinda wojambulidwa umabadwa wonse pamodzi nkukalambanso pamodzi. Madenga afulati amayamba kudontha nyengo imodzi, mapaipi amatha nyengo imodzi. Mabanja oyamba amabwera onse ali ndi makanda, sukulu imadzaza thoo, patapita zaka 20 makalasi ali gwaa. Mwana sanaonepo nyumba ya zaka 200 itatsamira ya chaka chatha, ndiye ntchito yokonza kapena kuwonjezera nyumba yakale imamuzunguza mutu. Amafuna agwetse ayambirenso.

Komabe musiyanitse mibadwo. Ana oyamba sanakulire mumzinda, anakulira pamalo omangapo: matope, milu ya mchenga, matabwa a konkire akuchotsedwa, mitengo ikufika m'mawondo. Amenewo anaona mkati mwa khoma lisanapakidwe pulasitala, ndipo amadziwa kuti mzinda umapangidwa ndi manja a anthu. A m'badwo wachitatu amapeza mitengo itakula, zonse zitatha, ndipo ku Brasília pulaniyo ndi yotetezedwa ngati chuma cha dziko lonse kuyambira 1987. Kwa iwo pulani ili ngati phiri, yosafunsidwa chifukwa chake.

Mwale:
Ndiye mayi, munthu wotere akonzeke bwanji? Kapena ndi mtengo woti unakhota kale?

NaPhiri:
Ayi achimwene, umaongoka. Koma zimafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Choyamba ajambule mapu a komwe anakulira kuchokera m'mutu, mphindi 20, osayang'ana foni. Kenako afufuzemo zinthu zisanu zimene katswiri wa mapulani a mizinda Kevin Lynch anatchula mu 1960: njira, malire, madera, pokumanira ndi zizindikiro. Wa mumzinda wojambulidwa njira ndi madera zimatuluka zolunjika ngati za rula, koma pokumanira pamasowa. Muzimufunsa kuti ankabisala kuti, ankamenyana kuti, ankadikira mnzake pati. Mayankho ake sakhala pabwalo la masewera lojambulidwa lija. Amakhala kuseri kwa kanyumba ka magetsi, pansi pa mlatho, pamasitepe a fulati. Amenewo aike ndi inki yofiira, chifukwa ndiwo maphunziro ake enieni.

Akatero atenge zidutswa ziwiri za mapu, mamita 400 mbali zonse, china cha kwawo china cha mzinda wokula wokha, pa sikelo ya 1:2000, kutanthauza masentimita 20 papepala. Nyumba azidetse ndi inki yakuda, poyenda aliyense pasiyidwe poyera, monga anachitira Giambattista Nolli ndi mapu a Rome mu 1748, yemwe ngakhale mkati mwa matchalitchi anasiya moyera poti aliyense amalowamo. Awerenge mphambano ndi makomo pa chidutswa chilichonse. Cholakwa chofala apa nkusintha sikelo kuti chidutswa china chikwane bwino papepala. Mukatero mwataya phunziro lonse, chifukwa chodabwitsa chake chili poona kuti superquadra imodzi ingameze misewu ingapo ya mzinda wakale.

Chovuta kwambiri ndi section ya 1:20, kuchokera pakati pa msewu mpaka mkati mwa chipinda chochezera, atayeza ndi tepi pamalo enieni: ngalande, sitepe, mpanda, khonde, chitseko, zenera. Pa sikelo imeneyi mita imodzi ndi masentimita 5, ndiye sungabise kanthu. Ozolowera 1:1000 amathawa pepala limeneli ngati moto. Ajambulemonso anthu awiri. Le Corbusier muyeso wake wa Modulor anautengera pa mwamuna wotalika mamita 1.83, koma mwana wa zaka 3 ndi masentimita ngati 95. Zenera loyambira pa mita imodzi, mwanayo amangoona mitambo. Litsitseni kufika masentimita 60, galasi la m'munsilo likhale lolimba ndi losatsegulika, ndipo zitsulo za pakhonde la m'mwamba zisatalikirane kupitirira masentimita 10 kuti mutu usalowe.

Tembo:
Pa masentimita 95 pomwepo onjezani mpanda wa maluwa pamphambano. Ukafika mamita 1.2, dalaivala samuona mwana mpaka atatulukira mumsewu. Pa makilomita 30 pa ola galimoto imaima pa mamita ngati 13, pa 50 imafuna ngati 28. Mizinda yojambulidwa yodzaza ndi minda yamaluwa imagwa apa kawirikawiri, chifukwa papulani tchire ndi kabwalo kobiriwira chabe, kutalika kwake sikuoneka.

Kamwendo:
Ndiwonjezere ntchito imodzi, yotsika mtengo kuposa zonse: kujambula tinjira tachidule. Mvula ikangokata, ayende ndi mapu nkulemba paliponse pomwe kapinga wapondedwa mpaka dothi. Chifukwa chake sichovuta. Njira yokhota pangodya, mamita 100 uku ndi 100 uku, ndi mamita 200, koma wodula pakati amayenda 141. Palibe mwana wochedwa kusukulu angataye mamita 59 pofuna kulemekeza pensulo yanu. Pa zithunzi za m'mwamba za kapinga wamkulu wa pakati pa Brasília tinjira totere timaoneka tofiira ngati misempha. Wojambula wosazindikira amaikapo unyolo ndi chikwangwani. Wozindikira amayamba wadikira nyengo imodzi, kenako nkuyala miyala pomwe mapazi asankha.

Ku Chandigarh nako kuli chitsanzo chachikulu. Nek Chand, woyang'anira misewu m'boma, kuyambira mu 1957 ankatola mwakabisira zibenthu za mbale, matailosi ndi zigumukire za midzi imene inagwetsedwa pomanga mzindawo, nkumaumba zifanizo m'nkhalango. Boma litatulukira, malowo anatsegulidwa mu 1976 ndi dzina la Rock Garden. Makomo ake ndi aafupi moti wamkulu amawerama, tinjira take ntopanikiza, suona chimene chili kutsogolo. Mzinda wonse ndi mizere yowongoka, koma malo amene ana amathamangira ndi aja amene sanali papulani.

Anachisale:
Aldo van Eyck, katswiri wojambula nyumba wa ku Netherlands, anachita zofanana koma mwadala. Kuyambira mu 1947 mpaka 1978 anajambula malo osewerera ana oposa 700 ku Amsterdam, ambiri m'timipata totsala pakati pa nyumba. Zida zake zinali zochepa: dzenje la mchenga la mlomo wa konkire woti ungakhalepo, miyala yodumphira, zitsulo zopindika zokwerapo. Sizimuuza mwana chochita. Chitsulo chomwecho lero ndi nyumba, mawa ndi phiri. Kopanda mpanda, ndiye wodutsa ndi wosewera ali malo amodzi, zimene a Kamwendo amanena zoti zinthu zilowane zija.

Mbewe:
Ndiye tinene kuti ayende, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi? Kapena pali chinthu chimodzi choti wophunzitsa angayang'ane papepala nkudziwa kuti uyu waongoka?

Gondwe:
Kuyenda kokha sikukwanira bambo Mbewe, ena amakaona Venice nkubwerako ndi zithunzi basi. Ine ndingayang'ane pakhomo, mpata wa pakati pa msewu ndi chitseko. Wosaongoka amasiya chimodzi mwa ziwiri: chitseko chotsegukira mwachindunji pakapinga wa onse, kapena bwalo la mamita 8 lopanda ntchito. Choyambacho anthu amatseka makatani tsiku lonse chifukwa odutsa akusuzumira. Chachiwiricho wokhala pakhonde sangalonjerane ndi wodutsa popanda kukuwa.

Yang'anani ngati wasiya mamita 1.5 mpaka 3, okwana mpando, njinga ndi chitini cha maluwa. Malire akhale kakhoma ka masentimita 45 mpaka 60, konenepa masentimita 30 kuti munthu akhalepo. Pansi pa nyumba pakwere pang'ono kuposa msewu kuti wokhala mkati asayang'anidwe kuchokera pamwamba, koma pakhale njira yotsetsereka ya wolumala. Denga la pakhomo lituluke mita imodzi kuti wofufuza makiyi asanyowe, ndipo zenera la kukhitchini lione pamenepo.

Mwale:
Nanga ngati ndi fulati ya m'mwamba, yopanda bwalo?

Gondwe:
Ndiye kolido yakunja ikhale mamita 2 m'malo mwa 1.2, chitseko chilichonse mubwezere mkati masentimita 60 kuti pakhale poika nsapato ndi mpando, ndipo masitepe amodzi asatumikire makomo opitirira 8 pa nsanjika, apo ayi anthu amasiya kudziwana nkhope. Muonenso malamulo a moto a dzikolo musanaike benchi m'kolido, chifukwa njira yothawira ili ndi m'lifupi mwake mosachepetsedwa.